Thumba la makala latha, phulusa n'lapang'ono: zinazo zapita kuti?

Funso: "Ndine mayi wa ana anayi. Ndimagulitsa makala ndi tomato, ndipo chaka chino ndabwerera kusukulu ya madzulo kuti ndilembenso MSCE. Mu Chemistry atiphunzitsa malamulo atatu: conservation of mass, definite proportions ndi multiple proportions. Loyambalo akuti kulemera kwa zinthu sikutayika. Koma ine thumba la makala ndimachita kuthandizidwa posenza, ndipo likatha phulusa lake silidzaza n'kachidebe komwe. Nanga zinazo zapita kuti? Awiri enawo ndimangowasokoneza, amamveka ngati amodzi. Anzanga akuti tingoloweza basi. Kodi muli nzeru m'malamulowa, kapena n'zongolembera mayeso?"

Mayi, musaloweze kaye. Funso lanu la makalalo linazunguza mitu ya anthu ophunzira kwambiri ku Ulaya kwa zaka zoposa 100, ndipo iwonso analakwitsa pomwe mwakayikira inupo. Anayeza zimene maso akuona, n'kuiwala mpweya.

Mpweya umalemera. Sitimva kulemera kwake chifukwa tinabadwiramo, monga chambo sichidziwa kuti madzi ndi olemera. Koma lita imodzi ya mpweya imaposa pang'ono galamu imodzi. Chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 kutalika kwake chimasunga mpweya woposa makilogalamu 30, kuposa theka la thumba la chimanga. Mukapatula mpweyawo m'magawo asanu, gawo limodzi ndi okosijeni, umene moto umadya.

Makala nawo mbali yaikulu ndi kaboni. Akamayaka pa mbaula, kaboniyo sakufa ayi, akugwirana ndi okosijeni n'kukhala mpweya wina wotchedwa carbon dioxide, umene ulibe mtundu ndipo suoneka. Muyezo wake ndi uwu: magalamu 12 a kaboni amatenga magalamu 32 a okosijeni, n'kupereka magalamu 44 a carbon dioxide. Tiyerekeze kuti m'thumba lanu muli makilogalamu 24 a kaboni weniweni, zotsalazo ndi chinyezi, dothi ndi timiyala timene ootcha ena amatibisa pansi pa thumba. Kuti kaboni ameneyu apse yense adzakoka makilogalamu 64 a okosijeni kuchokera mumpweya, ndipo adzatulutsa makilogalamu 88 a carbon dioxide. Ndiye onani: zochoka pa mbaula n'zolemera kuposa thumba limene munasenza lija kangapo. Kungoti zinatulukira pa khomo ndi pa zenera inu muli kalikiliki kuvundula nsima.

Phulusa lija ndi zimene mtengo unatenga m'nthaka, monga potaziyamu ndi kashiyamu, zomwe sizisanduka mpweya pa moto wa mbaula. N'chifukwa chake agogo athu ankasungunula phulusa n'kutcheza chidulo chophikira therere: mchere wa potaziyamu uja umasungunuka m'madzi n'kufewetsa ndiwo. Chotsala chimenechi n'chaching'ono chifukwa mtengo sudya dothi kwenikweni. Munthu wina wa ku Brussels, Jan Baptist van Helmont, anabzala kamtengo kolemera mapaundi 5 mumphika wa dothi louma lolemera mapaundi 200, n'kumangothirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengo unafika mapaundi 169, koma dothi linangochepa ndi maaunsi awiri okha. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648 iye atamwalira kale. Iye anaganiza kuti mtengo wonsewo wachokera m'madzi. Anapeza theka la choona, chifukwa kaboni wa mumtengo amachokera mu carbon dioxide wa mumpweya, amene masamba amakoka dzuwa likamawala. Choncho mukamaotcha makala mukubwezera kumpweya zimene mtengo unabwereka kumeneko.

Anthu akale aja chinawasokoneza kwambiri ndi zitsulo. Nkhuni zikapsa zimapepuka, koma chitsulo chikaotchedwa mpaka kusanduka fumbi, kapena chikachita dzimbiri, chimalemera kuposa poyamba. M'zaka za m'ma 1700 ambiri ankatsatira chiphunzitso cha Georg Ernst Stahl wa ku Germany, chakuti m'chinthu chilichonse choyaka muli kanthu kotchedwa phlogiston kamene kamathawa chinthucho chikamapsa. Pa nkhuni chinkamveka bwino. Pa zitsulo chinkatsimphina, pakuti chinthu chingalemere bwanji chitataya kanthu? Ena anafika ponena kuti mwina phlogiston ili ndi kulemera kochotsera. Munthu akakana kuvomera kuti walakwa, amamanga khonde pa nyumba yopanda maziko.

Anathetsa nkhaniyi ndi Antoine Lavoisier wa ku Paris, ndipo chida chake chachikulu chinali sikelo yabwino ndi mabotolo otseka. Mu 1774 anaika chitsulo cha tin m'botolo lagalasi, n'kulimata kukamwa, n'kuliyeza. Analiotcha mpaka tin anachita fumbi, n'kuliyezanso: kulemera sikunasinthe. Atalitsegula, mpweya unalowa ndi mluzu, ndipo apo m'pamene sikelo inakwera. Ndiye kuti fumbi lija linalemera chifukwa linameza mpweya wina wa m'botolomo. Pambuyo pake anatenthetsa mercury, chitsulo chamadzimadzi, mumpweya wotsekeredwa kwa masiku 12. Pamwamba pa mercury panabwera timibulu tofiira, mpweya unachepa, ndipo wotsalawo unkazimitsa kandulo. Atatenga timibulu tofiirato n'kutiotcha ndi moto wamphamvu, mercury anabwerera, ndipo mpweya unasowa uja unatulukanso, wochuluka ngati momwe unasowera. Mpweya umenewu iye ndiye anaupatsa dzina loti okosijeni, ngakhale Joseph Priestley wa ku England ndi Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anali ataupeza kale osadziwa bwino chimene agwira. Lamulo la conservation of mass analilemba momveka m'buku lake la 1789: zinthu zikasinthana mpaka kukhala zina, kulemera kwa zonse zimene munayamba nazo n'kofanana ndi kulemera kwa zonse zimene mwatsiriza nazo. Ku Russia Mikhail Lomonosov anali atanena zofananazo zaka zambiri m'mbuyomo, koma mawu ake sanafike patali.

Pali chinthu chimodzi cha Lavoisier chimene inu a bizinesi mungachimve msanga kuposa ana a yunifolomu. Ntchito imene inkamudyetsa inali yotolera misonkho ya mfumu ya France. Anali munthu wa buku la zolowa ndi zotuluka, ndipo Chemistry anaiona chimodzimodzi: ngati madzulo ndalama sizikugwirizana ndi katundu amene watuluka, simunena kuti zasungunuka, mumafufuza amene watenga pangongole osalembedwa. Pa mbaula panu wangongole wosalembedwayo ndi mpweya. Ntchito ya misonkho yomweyo ndi imene inamuphetsa: anamudula mutu pa 8 May 1794, nthawi ya kuukira boma ku France. Mkazi wake, Marie-Anne Paulze, ndiye ankajambula zida zake, kulemba zotsatira za ntchito, ndi kumumasulirira mabuku a Chingelezi. Mabuku a kusukulu samutchula kawirikawiri, koma dzanja lake lili m'ntchito yonseyi.

Mawu oti "zonse" m'lamuloli ndi amene ophunzira amagwera pa mayeso. Akakufunsani kuti mwala wa laimu wa magalamu 100 waotchedwa ndipo kwatsala magalamu 56, musati lamulo lasweka. Magalamu 44 atuluka ngati carbon dioxide. Ootcha laimu ku Balaka amadziwa kuti miyala imatuluka mu uvuni ili yopepuka kuposa momwe inalowera, ngakhale sanaonepo samu imeneyi pa bolodi. Akakupatsani magnesium wa magalamu 24 amene wapsa n'kusiya phulusa loyera la magalamu 40, magalamu 16 owonjezerawo ndi okosijeni amene walowa. Funso lililonse la lamulo loyambali, dzifunseni: kodi pali mpweya umene walowa kapena watuluka osayezedwa?

Tsopano lachiwiri, definite proportions, limene limatchedwanso constant composition. Kuti mulimve, yambani ndi nsima. Mukachepetsa ufa imakhala yofewa, mukachulutsa imalimba, koma yonse ndi nsima. Tiyi wa masipuni awiri a shuga ndi wa masipuni asanu onse ndi tiyi. Matope oumbira njerwa chimodzimodzi. Izi ndi zosakaniza, ndipo muyezo wake uli m'dzanja la wosakanizayo. Kompaundi, ndiye kuti chinthu chatsopano chimene chimapangika zinthu monga haidirojeni ndi okosijeni zikagwirana, sichoncho. Madzi enieni, mukawaphwanya, mupeza galamu imodzi ya haidirojeni pa magalamu 8 alionse a okosijeni. Atungidwe pa mjigo, m'nyanja ya Malawi, agwe ngati mvula pa phiri la Mulanje, kapena apangidwe mu labu potentha haidirojeni, mukangochotsa zosungunukamo muyezo ndi womwewo, 1 kwa 8. Mchere wa m'ndiwo ndi magalamu 23 a sodium pa magalamu 35.5 a chlorine, kaya wachokera m'nyanja ya mchere ku Mozambique kapena wakumbidwa pansi. Palibe madzi a okosijeni wochepa monga pali phala la ufa wochepa.

Nanga mutati muumirize? Mutenge magalamu 2 a haidirojeni ndi magalamu 20 a okosijeni, muyatse. Mupeza magalamu 18 a madzi, ndipo magalamu 4 a okosijeni atsala osakhudzidwa. Zili ngati wokonza njinga amene ali ndi mafelemu khumi ndi mateyala 25. Apanga njinga khumi, mateyala asanu atsala pakhoma. Sangapange njinga ya mateyala awiri ndi theka kuti katundu athe.

Lamuloli ndi la Joseph Louis Proust, Mfalansa amene ankagwira ntchito ku Spain, ku Segovia kenako ku Madrid. Cha m'ma 1799 anayerekeza copper carbonate wokumbidwa pansi, mwala wobiriwira uja wotchedwa malachite umene umapezekanso m'migodi ya kopa ku Zambia ndi ku Congo, ndi copper carbonate wopanga yekha mu labu. Anapeza muyezo umodzi wa kopa, kaboni ndi okosijeni. Lero zikumveka zosavuta, koma anatsutsidwa kolimba ndi Claude Louis Berthollet, katswiri wolemekezeka kuposa iye pa nthawiyo, amene anapita ndi Napoleon ku Egypt mu 1798. Berthollet ankati muyezo umasintha malinga ndi kuchuluka kwa zimene waikamo ndi kutentha kwake, ndipo ankaonetsa zitsanzo: magalasi, zitsulo zosungunulidwa pamodzi, ndi fumbi la zitsulo zootchedwa limene linkapereka manambala osiyanasiyana. Anakangana kudzera m'zolemba kwa zaka zingapo, mwaulemu ndithu. Proust anapambana poonetsa kuti zambiri mwa zitsanzo za mnzakeyo zinali nsima: zosakaniza, kapena makompaundi awiri osiyana atasakanikirana m'mbale imodzi. Mukawalekanitsa bwinobwino, aliyense ali ndi muyezo wake wokhazikika.

Lamulo limeneli mwalisenzapo pamutu osadziwa. Pa thumba la feteleza wobereketsa wa Urea pamalembedwa 46% N. Nambalayi sanaisankhe a kampani. Urea ndi kompaundi, ndipo pa magalamu 60 alionse a Urea, magalamu 28 ndi naitirojeni. Gawani 28 ndi 60, mupeza 46.7 pa 100 alionse. Kachidutswa kosowako n'kachinyezi ndi tina tochepa totsalira popanga. Ndiye thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni, lichokere ku Saudi Arabia, ku Russia kapena ku China. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi Urea wamphamvu wa 60%, dziwani kuti akunama kapena si Urea. Kutsika kokha ndiye n'kotheka, wina akathiramo mchenga, ndipo apo yakhala nsima. Feteleza wokulitsa, monga uja alimi anazolowera wa 23:21:0+4S, ndi wosakaniza. Manambala ake anachita kusankhidwa ndi anthu potengera nthaka, ndipo akafuna amawasintha. Matumba awiri ogona pamodzi m'nyumba mwanu, limodzi likumvera Proust, linalo likumvera wosakaniza.

Lachitatu ndi limene mukuti limamveka ngati lachiwiri. Kusiyana kwake ndi uku: lachiwiri likunena za kompaundi imodzi, lachitatu likuyerekeza makompaundi awiri kapena kuposerapo opangidwa ndi maelementi awiri omwewo, ndiye kuti zinthu zoyambirira monga kaboni ndi okosijeni. Tibwerere pa mbaula.

Kaboni ndi okosijeni sapanga carbon dioxide yekha. Okosijeni akachepa, monga mbaula ikalowetsedwa m'chipinda chotseka mwezi wa June kapena July, amapanganso carbon monoxide. Uyu ndi mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 kapena kuposerapo. Munthu amayamba litsipa, chizungulire ndi tulo, ndipo ambiri sadzukanso. Poti ndinu ogulitsa makala, makasitomala anu muziwauza zimenezi nyengo yozizira: mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala atafiira bwino osatulutsa utsi. Tsono yezani awiriwa. Mu carbon monoxide, magalamu 12 a kaboni agwirana ndi magalamu 16 a okosijeni. Mu carbon dioxide, magalamu 12 omwewo agwirana ndi magalamu 32. Aliyense payekha akumvera Proust. Koma muwaike pafupi: 16 ndi 32, ndiye kuti 1 kwa 2, ndendende. Si 1 kwa 1.7, si 1 kwa 2.3. Ndipo pakati pawo palibe kanthu. Simupeza mpweya wa magalamu 12 a kaboni ndi 21 a okosijeni.

Zimenezi zimabwerezabwereza. Madzi ali ndi magalamu 8 a okosijeni pa galamu ya haidirojeni, pamene hydrogen peroxide, mankhwala aja amachita thovu pa bala, ali ndi 16. Naitirojeni wa magalamu 14 amatenga okosijeni wa magalamu 8, kapena 16, kapena 32, n'kupanga mipweya itatu yosiyana: 1, 2, 4. Lamulo la multiple proportions likungonena zimenezi: maelementi awiri akapanga makompaundi angapo, mukasunga kulemera kwa elementi imodzi kukhala kofanana, kulemera kwa inayo kumayenderana m'manambala ang'onoang'ono athunthu.

Amene anaona tanthauzo lake ndi John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, mwana wa woomba nsalu, amene anayamba kuphunzitsa ali ndi zaka 12. Anafika pa maganizowa cha mu 1803, ndipo anawasindikiza mu 1808. Kwa ine lamulo lachitatuli ndi lokoma kuposa onse, chifukwa limaonetsa chinthu chosaoneka pogwiritsa ntchito sikelo yokha. Tinene kuti wina wakupatsani makatoni omata n'kukuletsani kutsegula. Mukayeza za m'katimo, mupeza ina kilogalamu imodzi, ina awiri, ina atatu, ina asanu, koma palibe ya kilogalamu imodzi ndi theka. Simuchedwa kuzindikira kuti m'katimo si ufa wothira ndi mbale, koma mapaketi a kilogalamu imodziimodzi. Zothira zimabwera mulimonse. Zowerenga zimabwera m'manambala athunthu. Dalton anati okosijeni akubwera m'mapaketi, ndipo mapaketiwo ndi maatomu. Atomu imodzi ya kaboni itenga atomu imodzi ya okosijeni, kapena ziwiri. Theka la atomu kulibe, monga simugulitsa theka la dzira.

Mukangovomera maatomu, malamulo atatu aja amasanduka nkhani imodzi. Kulemera sikutayika chifukwa maatomu amangosintha anzawo ogwirana nawo, palibe imene imafa kapena kubadwa. Muyezo wa kompaundi susintha chifukwa kagulu kalikonse ka kompaundiyo kali ndi maatomu a nambala yomweyo, ndipo atomu ya elementi iliyonse ili ndi kulemera kwake. Manambala athunthu amabwera chifukwa maatomu amawerengedwa. M'mabuku a kusukulu amayamba kukuphunzitsani atomu, kenako malamulowa amabwera ngati katundu wowonjezera, n'chifukwa chake amaoneka opanda ntchito. M'mbiri zinayenda mosiyana. Malamulowa ndiwo anali mboni, atomu inali chigamulo.

Nachi chitsanzo cha mtundu umene umabwera pa mayeso. Kopa ndi okosijeni amapanga fumbi lakuda ndi fumbi lofiira. Magalamu 10 a lakuda ali ndi magalamu 8 a kopa. Magalamu 4.5 a lofiira ali ndi magalamu 4 a kopa. Choyamba pezani okosijeni pochotsera, ndipo apa mukugwiritsa kale ntchito Lavoisier: m'lakuda ndi magalamu 2, m'lofiira ndi 0.5. Kenako, ndipo apa m'pamene ambiri amathamanga n'kugwa, fananitsani mbali imodzi. Pa galamu imodzi ya okosijeni, lakuda lili ndi kopa 8 kugawa ndi 2, ndiye 4. Lofiira lili ndi 4 kugawa ndi 0.5, ndiye 8. Tsopano 4 kwa 8 ndi 1 kwa 2. Mukayerekeza 8 ndi 4 za m'funso zija musanafananitse okosijeni, mupeza yankho lozondoka. Ndipo mukaona funso likupatsani zitsanzo ziwiri za chinthu chimodzi, monga fumbi lakuda lopangidwa m'njira ziwiri, n'kupeza muyezo wofanana, limenelo ndi la Proust. Muyezo ukasiyana koma mwa 1 kwa 2 kapena 2 kwa 3, ndi la Dalton. Manambala a mu labu sabwera osalala: 1 kwa 1.98 ndi 1 kwa 2 ndithu, kusiyanako n'kwa sikelo ndi dzanja la woyeza.

Dalton naye anaphonya pena. Sikelo inamuuza kuti madzi ndi 1 kwa 8 kapena pafupi pamenepo, koma sinamuuze kuti maatomu ndi angati. Iye anangoganiza chophweka, atomu imodzi ya haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni, motero kulemera kwa atomu ya okosijeni anakupeza theka la kwenikweni. Chokonza chinachokera ku mipweya. Mu 1808 Joseph Louis Gay-Lussac anaonetsa kuti malita awiri a haidirojeni amagwirana ndi lita imodzi ya okosijeni n'kupereka malita awiri a nthunzi, manambala athunthu kachiwiri, koma tsopano a kukula kwa malo osati kulemera. Mu 1811 Amedeo Avogadro wa ku Italy anafotokoza kuti malita ofanana a mipweya iliyonse, pa kutentha ndi kupanikizika kofanana, ali ndi tizigawo tochuluka mofanana. Pamenepo madzi anakhala H2O, maatomu awiri a haidirojeni pa atomu imodzi ya okosijeni. Anthu sanamumvere kwa zaka pafupifupi 50, mpaka Stanislao Cannizzaro anaukitsa nkhaniyi pa msonkhano wa akatswiri ku Karlsruhe mu 1860, Avogadro atamwalira kale. Ngati silabasi yanu yafika pa mole, muyezo wowerengera tizigawo timeneti, gwero lake ndi limeneli.

Ndisakubisireni kuti malamulowa ali ndi malire, kuopa kuti tsiku lina mwana wanu wa ku yunivesite angadzakuuzeni kuti munaphunzira zabodza. Albert Einstein anaonetsa mu 1905 kuti chinthu chikatulutsa mphamvu, monga kutentha, chimatayako kulemera. N'zoona ngakhale pa mbaula. Koma mukaotcha kilogalamu yathunthu ya kaboni, chotayikacho sichifika ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo miliyoni a galamu. Hans Landolt wa ku Berlin anatha zaka zambiri, mpaka cha mu 1908, akuyeza mabotolo omata ndi sikelo zabwino koposa za nthawiyo kuti agwire kusintha kulikonse, ndipo sanakupeze. Kumene kutayikaku kumaoneka ndi m'zanyukiliya, monga uranium wa mtundu wokumbidwa ku Kayelekera akamagwiritsidwa ntchito popanga magetsi, koma kumeneko maatomu enieniwo akusweka, ndipo si Chemistry ya malamulo anuwa.

La Proust nalo lili ndi mipata iwiri. Maatomu a elementi imodzi salemera mofanana onse, pali ena otchedwa maisotopu. Pali haidirojeni wolemera kawiri, ndipo madzi opangidwa ndi iye yekha amakhala 1 kwa 4 m'malo mwa 1 kwa 8. M'madzi a tsiku ndi tsiku iyeyu ndi wochepetsetsa ndipo amapezeka mofanana pafupifupi kulikonse, motero sasokoneza samu yanu. Mpata wachiwiri ndi wa makompaundi ena olimba, monga wina wa chitsulo cha iron ndi okosijeni wotchedwa wüstite. Pa pepala amalembedwa FeO, chitsulo chimodzi okosijeni mmodzi, koma mukamuyeza chitsulo chimapelewera nthawi zonse, cha m'ma 95 kapena kutsikirapo pa okosijeni 100 alionse, chifukwa m'mizere ya maatomu muli mipando ina yopanda okhalapo. Makompaundi otere anawapatsa dzina loti berthollides, pokumbukira Berthollet uja. Anagonja pa mlandu, koma patapita zaka 100 zinaoneka kuti sanalakwe zonse. Pa MSCE lembani za Proust mosaopa, pakuti madzi, mchere, shuga, Urea, soda ndi mipweya yonse imene mudzakumane nayo imamumvera.

Mwina mulibe sikelo yoyeza tizigawo ta galamu, poti ya pamsika singagwire zimenezi. Komabe mungaone ndi maso anu mpweya ukulowa m'chitsulo. Tengani waya wofewa wotsukira mapoto, uja amachita dzimbiri akagona m'madzi, osati wonyezimira wosachita dzimbiri. Mutsukeni sopo yense, mumuviike mu viniga pang'ono, mufinye, mumukanikizire pansi pa botolo lagalasi loonekera mkati kuti asagwe mukalizondotsa. Zondotsani botololo m'mbale ya madzi, kukamwa kwake kumire, ndipo ikani chizindikiro pamene madzi alekeza m'katimo. Lisiyeni tsiku limodzi kapena awiri osalisuntha. Waya adzachita dzimbiri, ndipo madzi adzakwera m'botolo mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malo amene munali mpweya, kenako adzaima, ngakhale waya wina akadali wosachita dzimbiri. Okosijeni watha, wotsalawo ndi naitirojeni amene chitsulo sichimufuna. Amene wasowayo ali m'dzimbirimo: pa magalamu 112 alionse a chitsulo alowa magalamu 48 a okosijeni. Mukadzapita kusukulu madzulo, pemphani aphunzitsi akuyezereni waya wouma musanayambe, ndipo mudzamuyezenso ndi dzimbiri lake lonse atauma bwino.